Njinga zamagetsi mu mzinda wa magetsi ozimazima: yankho kwa mwini njinga za kabaza wa ku Area 25

Funso: Ndine bambo wa ku Area 25 ndipo ndili ndi njinga zamoto zitatu zimene anyamata amachitira kabaza. Mafuta akasowa timataya masiku pa mzere, kapena timagula a m'zigubu pa mtengo wokwera. Mnzanga akundiuza kuti ndigulitse njingazi n'kugula zamagetsi, koma magetsi athu ndi omwewa amene amazima nsima ili pamoto. Kodi zimenezi ndi zotheka kuno, kapena ndi za anthu olemera okha? Nanga akamanena kuti zithandiza mzinda wathu, amatanthauza chiyani?

Yankho: Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwa zinthu zonse zimene zimayenda pa misewu ya Lilongwe, njinga ya kabaza ndiyo ili ndi chifukwa chomveka kwambiri chosinthira ku magetsi, kuposa ngakhale galimoto ya bwana wa ku Capital Hill. Mnzanuyo sanakunamizeni, koma sindikukulangizani kuti mugulitse njinga zonse zitatu tsiku limodzi, ndipo ndifotokoza zifukwa zake.

Tiyambe ndi mphamvu yeniyeniyo, chifukwa phindu lonse lagona pamenepo. Lita imodzi ya petulo imakhala ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 9, mayunitsi omwewa amene timagula n'kulowetsa pa mita kunyumba. Vuto ndi lakuti injini siigwiritsa ntchito mphamvu yonseyo poyendetsa njinga, popeza pa magawo 4 alionse pafupifupi magawo 3 amatayika ngati kutentha, ndipo n'chifukwa chake ekizozi imaotcha mwendo wa wokwera amene sanasamale potsika. Mota yamagetsi imasandutsa magawo 8 kapena 9 pa magawo 10 alionse kukhala mphamvu yozunguza tayala, ndipo njinga ikaima pa siteji kudikira kasitomala, kapena pa mpanipani wa pa mlatho wa Lilongwe, siidya kanthu. Njinga ya petulo yamtundu umene anyamata anu amayendetsa, ikanyamula munthu, imamwa pafupifupi malita 3 pa makilomita 100, pamene yamagetsi ya msinkhu womwewo imafuna mayunitsi 4 kapena 5 pa mtunda womwewo. Tiyerekeze kuti mnyamata wanu amayenda makilomita 120 pa tsiku. Pa njinga ya petulo afuna malita pafupifupi 3.6, ndipo pa yamagetsi afuna mayunitsi osapitirira 6. Tengani mtengo wa lita umene bungwe la MERA lalengeza, muuchulukitse ndi 3.6, kenako tengani mtengo wa yuniti pa risiti yanu ya ESCOM, muuchulukitse ndi 6, ndipo kusiyana kumene mupeze ndiko ndalama zimene zingatsale m'thumba tsiku lililonse. Pamwamba pa zimenezo, njinga yamagetsi ilibe oyilo wa injini woti muzisintha masabata angapo alionse, ilibe pulagi, ilibe kabuleta, ndipo zambiri zilibe kilatchi. Matayala, mabuleki, mashoko ndi tcheni, ngati ili nayo, zizitha monga mwa nthawi zonse.

Apa ndipo pali chifukwa chimene ndayambira ndi kabaza. Chinthu chamagetsi chimadula pogula koma chimatchipa poyendetsa, choncho amene amabweza ndalama zake msanga ndi amene amayenda kwambiri. Galimoto imene imachoka ku Area 47 m'mawa, n'kukaima pa ofesi tsiku lonse, n'kubwerera madzulo, ingatenge zaka zambiri kuti ibweze ndalama zoonjezera zimene mwini wake analipira. Njinga imene imazungulira kuyambira mbandakucha mpaka usiku imasunga ndalama pa kilomita iliyonse, ndipo makilomitawo ndi ochuluka.

Tsopano nkhani ya kuzimazima kwa magetsi, imene ndikuona kuti ndiyo ikukudetsani nkhawa kwambiri. Nkhawayi ndi yoona ndipo sindikufuna kuipeputsa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, wa Shire, pa makina a EGENCO a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi akachepa, kapena mchenga ndi zinyalala zikatseka makina, dziko lonse limamva. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Komabe njinga ndi yosiyana ndi chigayo. Chigayo chimafuna magetsi pa nthawi yomweyo imene chikugaya, ndipo akazima amayi amabwerera ndi chimanga chawo pamutu, pamene njinga imanyamula magetsi ake m'batire, moti chimene imafuna ndi maola angapo a magetsi pa tsiku, kaya masana kaya pakati pa usiku. Batire la njinga zoterezi nthawi zambiri limasunga mayunitsi 3 kapena 4, limayenda makilomita pakati pa 60 ndi 90 malinga ndi katundu ndi msewu, ndipo pa soketi wamba limadzaza m'maola 3 mpaka 5. Nthawi zambiri, madera ambiri a mu mzinda amakhala ndi magetsi kwa maola oposa amenewo pa tsiku.

Kusowa kwa petulo ndi nkhani ina. Pafupifupi mafuta onse amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja, amadzera pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola, omwe aja amene alimi a fodya amatipezera movutikira ku okushoni ku Kanengo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene ali ndi njinga anamva ululu wake pa pampu. Madzi a mu Shire ndi dzuwa la ku Salima sitigula ndi madola. N'zoona kuti njinga yamagetsi ndi batire lake zimachokeranso kunja, koma zimenezo timagula kamodzi n'kugwiritsa ntchito zaka, pamene mafuta timagula lero, mawa n'kugulanso.

Ena amafunsa ngati magetsi athu ochepawa angakwane. Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza chabe. Njinga 10,000 zitasinthidwa, iliyonse n'kumafuna mayunitsi 6 pa tsiku, pangafunike mayunitsi 60,000, ndipo mabatirewo atamatchajidwa pang'onopang'ono kwa maola 10, mphamvu yofunika ingakhale mamegawati 6 okha. Yerekezani ndi mamegawati 60 a munda wa sola wa ku Salima, kapena 20 a ku Golomoti. Njinga zomwezo zikanamwa malita 36,000 a petulo pa tsiku, omwe ndi pafupifupi thanki yathunthu ya galimoto zikuluzikulu zonyamula mafuta zija. Pamene pali vuto lenileni ndi pa nthawi ndi malo otchajira. Magetsi amaperewera kwambiri madzulo, anthu akamaphika ndi kuyatsa mababu, ndipo thiransifoma ya m'dera lokhala anthu ambiri imakhala italemedwa kale. Mabatire makumi angapo atalumikizidwa pa thiransifoma imodzi 6 koloko madzulo, dera lonselo lingakhale mu mdima. Kutchaja kuyenera kuchitika usiku kwambiri, anthu atagona, kapena masana dzuwa likuswa mtengo, makamaka pamene pali mapanelo a sola pa denga, ndipo ndimakhulupirira kuti mtengo wotsika wa magetsi a usiku kwa otchaja mabatire ungathandize dziko kuposa misonkhano yambiri ya m'mahotela.

Pa zonse zimene mungafunse wogulitsa, funsani kwambiri za batire, chifukwa ndilo gawo lodula kwambiri la njinga, ndipo ndilo limasiyanitsa malonda abwino ndi kutaya ndalama. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mugule njinga pamodzi ndi batire lake n'kumatchaja nokha, ndipo pamenepa magetsi amakutchipirani kwambiri koma mnyamata wanu ayenera kuima maola angapo masana, pokhapokha mutagula batire lachiwiri. Yachiwiri ndi yosinthanitsa mabatire, imene kampani ya Ampersand inayamba nayo ku Kigali ndipo makampani ena monga Spiro aifalitsa m'maiko angapo a mu Africa. Woyendetsa amafika pa malo osinthira, amasiya batire lotha, amatenga lodzaza, amalipira, n'kupitiriza ulendo m'mphindi zochepa, monga mmene timasinthira silinda ya gasi. Batire limakhala la kampani, choncho mtengo wogulira njinga umatsika ndipo likakalamba si inu amene muluza. Komabe mtengo wosinthira umakwera kuposa wa mayunitsi a kunyumba, popeza mukulipiranso lendi ya batirelo, ndipo mumakhala womangika kwa kampani imodzi, moti itakweza mtengo kapena kutseka, njinga yanu ingasanduke chitsulo chongokhala pakhonde. Musanasaine chilichonse, yendani nokha mukaone malo osinthirawo, muwerenge kuti alipo angati m'njira zimene anyamata anu amayenda, kuchokera ku Area 25 kudzera ku Kanengo ndi Area 18 mpaka ku depoti, ndipo mufunse chimene amachita magetsi akazima tsiku lonse.

Ngati mukugula batire lanulanu, funsani mtundu wake. Mabatire a lithium otchedwa LFP amapirira kutentha, satha msanga, amatha kutchajidwa maulendo masauzande angapo, ndipo sagwira moto msanga poyerekeza ndi mitundu ina ya lithium. Pa kutentha kwa mu Okutobala zimenezi ndi zofunika. Pewani njinga zotchipa zokhala ndi mabatire a mtovu, ofanana ndi a galimoto, chifukwa pa ntchito ya kabaza amafooka pasanathe nthawi yaitali. Chitsimikizo cha wogulitsa chikhale cholembedwa, chonena zaka kapena makilomita, ndiponso kuti batire likatsika mphamvu kufika pati adzalisintha. Funsaninso za madzi. Njinga imene inapangidwira misewu ya tala ya m'mizinda ya ku Asia ingavutike m'matope a ku Mtandire kapena ku Chinsapo mu Januwale, ndipo madzi akalowa mu mota kapena m'kabokosi kolamulira magetsi, ndalama zokonzera zimakhala zambiri. Kunyumba musatchajire m'chipinda chogona kapena pakhomo lotulukira, musagwiritse ntchito tchaja ya njinga ina, ndipo muitane munthu wodziwa za magetsi aone mawaya ndi soketi, chifukwa nyumba zambiri za lendi zili ndi mawaya opyapyala amene sangapirire kukoka mphamvu kwa maola angapo osalekeza.

Mwafunsa ngati zimenezi si za anthu olemera okha. Maganizo amenewa amabwera chifukwa nkhani zambiri zimene timamva ndi za ku Norway, kumene mu 2024 magalimoto pafupifupi 9 pa 10 alionse atsopano amene anagulidwa anali amagetsi. Kumeneko n'kutali ndi moyo wathu. Zitsanzo zotiyenera zili pafupi. Ku Kigali anayamba ndi njinga za kabaza, ndipo kuyambira Januwale 2025 boma la Rwanda linasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu mzindawo. Ku Nairobi kampani ya BasiGo inaika mabasi amagetsi m'manja mwa eni ake a mabasi wamba, amene amalipira gawo la mtengo malinga ndi makilomita amene basi yayenda. Ku Uganda kampani ya Kiira Motors imapanga mabasi ake amagetsi otchedwa Kayoola. Dziko la Ethiopia, limene lili ndi magetsi ambiri a madzi koma limavutika ndi ndalama zakunja ngati ife, linaletsa mu 2024 kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo. Sindikunena kuti titengere chiletso chotero mawa, popeza ife tilibe magetsi ochuluka ngati awo, koma chifukwa chimene chinawakankha ndi chathu chomwe. Kwa amene akuganiza zoitanitsa galimoto yamagetsi yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndingonena mwachidule kuti Nissan Leaf zoyambirira zinali ndi batire la mayunitsi 24 lopanda madzi oziziritsa, ndipo patapita zaka zambiri chonchi zambiri zinatsika mphamvu kwambiri, choncho aone kaye lipoti la thanzi la batire asanatumize ndalama, ndipo afunse ku MRA za msonkho umene ulipo pa nthawiyo.

Funso lanu lomaliza, la mzinda, ndilo ndimaliganizira kwambiri. Lilongwe inakhala likulu mu 1975 ndipo inakonzedwa motambalala, malo okhala kutali ndi malo antchito, Old Town apa, City Centre apo, Kanengo uko, ndi tchire pakati. Pa kalembera wa 2018 mu mzindawu munali anthu pafupifupi 990,000, ndipo ambiri mwa iwo alibe galimoto. Amayenda pansi, pa njinga yakapalasa, pa kabaza kapena pa minibasi, ndipo munthu wa ku Area 25 kapena ku Likuni amene amagwira ntchito ya malipiro ochepa m'tauni amatha gawo lalikulu la ndalama zake pa thiransipoti. Kwa munthu ameneyu, mayendedwe abwino ndi amene mtengo wake sudumpha nthawi iliyonse kwacha ikagwa, ndipo sasowa sitima ya mafuta ikachedwa ku Beira. Mwana wasukulu amene amaima pa siteji pambuyo pa minibasi yakale yofuka utsi wakuda amapuma tinthu ting'onoting'ono timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo, ndipo wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa Malangalanga amapuma utsi womwewo tsiku lonse. Lita iliyonse ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu pafupifupi 2.3, ndipo ya dizilo pafupifupi 2.7. M'maiko amene magetsi amachokera ku malasha, galimoto yamagetsi imangosamutsa utsi kuchoka pa msewu kupita ku fakitale, koma kwa ife, amene magetsi athu ambiri ndi a madzi ndi dzuwa, utsiwo umachepadi.

Ndiyenera kunenanso zimene magetsi sangachite, chifukwa ogulitsa sanena. Galimoto yamagetsi imadzaza msewu mofanana ndi ya petulo, ndipo anthu onse a ku Area 49 atagula zamagetsi, mpanipani wa m'mawa ungakhale womwewo. Msewu wa Kenyatta unakulitsidwa ndipo pa Area 18 panamangidwa misewu yodutsana pamwamba, koma mizinda yambiri yaona kuti misewu yotakata imadzazanso pakapita zaka zochepa. Chimene chimachepetsa mpanipani ndi basi yaikulu yoyenda pa nthawi yake, makamaka ikakhala ndi mbali yakeyake ya msewu. Mzinda wa Dakar unatsegula mu 2024 njira yotereyi ya makilomita pafupifupi 18 yoyendamo mabasi amagetsi okhaokha, ndipo mzinda wa Shenzhen ku China unamaliza kusintha mabasi ake onse, oposa 16,000, mu 2017. Basi imayenda njira yodziwika, imagona pa malo amodzi ndipo ingatchajidwe usiku, choncho njira ngati ya Area 25 kupita m'tauni, kapena ya Area 23 ndi Kawale, ndi zoyenera kuyambirapo, bola eni minibasi, madalaivala ndi makondakitala akhale nawo pa zokambirana kuyambira pachiyambi, popeza ndi mabanja awo amene amadya pamenepo. Komanso utsi wa mu Lilongwe suchokera ku magalimoto okha. Makala amene akupulula nkhalango ya Dzalanyama, zinyalala zotenthedwa ndi fumbi la m'misewu yadothi zili ndi gawo lawo lalikulu, ndipo njinga yamagetsi siichotsa zimenezo. Munthu woyenda pansi ndi wopalasa njinga, amene satulutsa utsi uliwonse, akusowabe njira yake m'misewu yambiri, ndipo ndimaona kuti n'kulakwa kukamba za mzinda waukhondo tikumuiwala.

Pali nkhani ziwiri zimene tikazinyalanyaza zidzatipweteka. Yoyamba ndi ya mabatire otha. Batire la njinga likatsika mphamvu moti silingagwirenso ntchito ya kabaza, lingathebe kusunga magetsi a sola panyumba kwa zaka zina, koma pamapeto pake liyenera kubwerera kwa wogulitsa kuti likaphwasulidwe moyenera, osati kutayidwa kudzala kapena mu mtsinje wa Lingadzi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi oona za chilengedwe ali ndi ntchito yoonetsetsa kuti dziko lino lisakhale kotayirako mabatire osalimba. Yachiwiri ndi ya amakaniko. Mnyamata wa ku Biwi amene amadziwa kumasula injini ndi maso otseka adzafunika kuphunzira kuyeza mphamvu ya magetsi ndi kuwerenga zimene kabokosi kolamulira kakunena, ndipo masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga Lilongwe Technical College, ndiwo malo oyenera maphunziro amenewa. 

Kunena za inuyo, Bambo, gulitsani njinga imodzi yokha, imene yakalamba kwambiri, ndipo mugule yamagetsi imodzi kwa wogulitsa amene ali ndi malo okonzera ndi zipangizo zosinthira mu Lilongwe momwe muno. Ipatseni mnyamata wosamala kwambiri, ndipo mumuchenjeze kuti njingayi siimveka ikamabwera, choncho aziliza hutala msanga pa msika ndi pafupi ndi sukulu, komanso kuti imanyamuka mwamphamvu kuposa imene anazolowera. Laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri zotetezera mutu zikufunika monga mwa njinga ina iliyonse. Kambiranani naye poyera za ndalama imene azikupatsani pa tsiku, chifukwa ngati ndi iye amene amagula mafuta, phindu la kutchipa kwa magetsi lizipita kwa iye pamene ngongole ya njinga ili pa inu, ndipo mkangano ungayambire pamenepo. Gulani kope, muzilemba tsiku lililonse makilomita, ndalama za magetsi kapena zosinthira batire, maola amene njinga inaima ndi chifukwa chake, ndipo muzilemba zomwezo za njinga ziwiri za petulo zija. Chitani zimenezi kwa miyezi yosachepera 6, kuphatikizapo nyengo ya dzinja pamene misewu ya ku Area 25 imakhala matope, ndipo mukadzafuna kusankha za njinga yachiwiri mudzatsegule kopelo.